Mnyasa ndi kachikwama kake: Songwe, TAZARA mpaka Zanzibar

Kwathu kuno munthu sayenda chabe. Ukanyamula chikwama ndiye kuti kwagwa zovuta, kapena kuli chinkhoswe, kapena ukupita ku geni, apo ayi mwayi wa ku Joni wapezeka. Zoti munthu wanzeru zako bwinobwino ungasunge ndalama miyezi yambirimbiri n'cholinga choti ukangoona mmene anthu a dziko lina amakhalira, ukadye zakudya zawo, kenako ubwerere chimanjamanja opanda olo belo limodzi la kaunjika, ambiri amati imeneyo ndi misala ya azungu. Ndipo azunguwo timawaonadi, ku Nkhata Bay, ku Cape Maclear, mu Ilala atagona pamwamba paja mphepo ikuwaomba, zikwama zazitali kupitirira mutu, masilipasi akutha, miyendo itapsa ndi dzuwa, ife nkumati anthu a ndalama awa akudzizunza dala.

Koma ulendo wa mtundu umenewu Mmalawi angathe kuwuyenda, ndipo ine ndikuti amauyenda bwino kuposa azunguwo, chifukwa pali makomo ena amene amatsekukira iwe wakhungu lakuda wolankhula chilankhulo chofananako ndi cha eni dziko, pomwe mzungu olo akhale ndi madola angati amangodutsa panja pake.

Tanzania ndi poyambira pabwino. Pasipoti ya Malawi sifuna viza kumeneko, ndege sufunika, ndipo njira yake amayi a geni anaipondaponda kalekale, ukasochera ungofunsa aliyense wonyamula chikwama cha shangani. Vuto ndi lomwe mukulidziwa lija, ndalama. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kachikwama ka kwacha kamene umakaona ngati kolemera ukakasintha kukhala mashilingi kamangosanduka timapepala towerengeka, nde mapulani onse ogona malo ozizira bwino amathera pa boda pomwepo. Zimenezo sizinandidandaulitse kwenikweni, umphawi womwewo ndi umene umakukankhira kumene kuli anthu.

Pa Songwe umawoloka mlatho wapansi, ukafika tsidya linalo ku Kasumulu foni yako yawonjezera yokha ola limodzi. Anyamata osintha ndalama akuzungulira, a bodaboda, akabaza a njinga zamoto, akukoka chikwama, wina akukuyankhula Chiswahili wina Chinkhonde wina Chichewa chothyokathyoka, ndipo ukamvetsera bwino uzindikira kuti anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi, Ankhonde a ku Karonga ndi Anyakyusa a ku Kyela amamvana bwinobwino opanda womasulira, mtsinje wokhawo ndi umene unawapatsa mapasipoti osiyana. Chinthu china choti muchidziwe musanagule tikiti ya basi: anzathuwa amawerenga nthawi kuyambira potuluka dzuwa, 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba, nde kondakitala akakuuza kuti basi inyamuka saa mbili akunena 8 koloko. Muzifunsa kawiri.

Kuchoka pamenepo msewu umakwera mapiri kudzera ku Tukuyu, minda ya tiyi, nthochi paliponse mpaka pakhomo pa chimbudzi, kuzizira kumayamba kulowa pawindo iwe utavala kamalaya ka ku Karonga. Mbeya sindinenapo zambiri, ndi tauni ya anthu otanganidwa, kuli madalaivala a mathanki ndi mathiraki akwathu ambirimbiri. Ine chimene ndinkafuna kumeneko ndi sitima.

TAZARA. Aise, ngati pali chinthu chimodzi chimene ndingakakamize wachinyamata aliyense kuti adzakwereko asanakalambe ndi sitima imeneyi. Njanji yake ndi yotalika makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi ku Zambia, anaimanga ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975, ndipo siteshoni ya Mbeya ukangoiona udziwiratu kuti anaijambula ndi anthu akutali, chinyumba chachikulu chotakasuka kunja kwa tauni. Ndinatenga sekondi kalasi, kachipinda ka anthu sikisi, mabedi atatu mbali iyi atatu mbali iyo osanjikizana, amuna paokha akazi paokha. Basi ikanandifikitsa ku Dar mwachangu, koma m'basi umangoona nkhongo ya munthu wapatsogolo pako ndi filimu yaphokoso, pomwe mu sitima mumakhala moyang'anizana maondo kugundana usiku wonse ndi tsiku lotsatira, ufune usafune muyankhulana basi.

M'chipinda chathu munali bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma, wavala jekete ndi kapu yoluka, ali ndi fulasiki ya tiyi wa mkaka wothira tangawizi. Ndinawapatsa moni wa akuluakulu umene ndinaphunzira pa boda, shikamoo, iwo nkuyankha marahaba akumwetulira, kenako atangomva Chiswahili changa chikuthera pomwepo anandifunsa m'Chingelezi kwathu. Nditati Malawi anawomba m'manja, "Aah, Mnyasa!" poti ndi mmene amatitchulira Amalawi kumeneko, nkutulutsa kapu yachiwiri.

Ndi bambo amenewa amene anandifotokozera chifukwa chimene njanjiyi ilipo, osati mmene timawerengera m'mabuku a fomu 4 koma ngati munthu amene anaiona ikudutsa m'minda ya kwawo ali mnyamata. Ian Smith atalengeza ufulu wake wa azungu okhaokha ku Rhodesia mu 1965, Kaunda anatsala ndi kopa wake wopanda njira yabwino yopitira kunyanja, mayiko a azungu anakana kupereka ndalama ati njanjiyo singapindule, nde iye ndi Nyerere anapita kwa Matchaina. Kenako anandiyang'ana ndi diso lachipongwe lija la aphunzitsi nkuti, "Nthawi imeneyo Kamuzu wanu anali kuti, mwanangu?" Ndinaseka chifukwa yankho tonse tinkalidziwa, anali pa ubale ndi South Africa ndi Apwitikizi. Iwo anapitiriza kuti Dar inali mudzi wa othawa kwawo onse a kuno kummwera, a FRELIMO, a ANC, komanso athu amene anathawa pambuyo pa chisokonezo cha nduna cha 1964, anatchula Kanyama Chiume amene anakhala kumeneko zaka zambiri, anatchulanso Chipembere. Zinandikhudza ndithu kumva maina amenewa akutuluka mkamwa mwa munthu wa dziko lina, sitima ikugwedezeka mumdima, pomwe anzanga ambiri amsinkhu wanga kwathu kuno Chiume amangomumva ngati dzina la msewu kaya la sukulu.

Nkhani ya nyanja inabwera, singalephere. Iwo amati Nyasa ife timati Malawi, iwo amati malire ali pakati pa madzi ife timati ali m'mphepete mwa gombe lawo monga unanenera mgwirizano wa Britain ndi Germany wa 1890. Mnyamata wina wa geni ya mafoni amene anali pa bedi lapamwamba anatsika kudzalowerera, tinakangana mpaka mawu kukwera, kenako bambo aja anang'amba chapati nkutigawira tonse nkhani nkuthera pomwepo. Munalinso mnyamata wa ku Germany m'chipindamo, munthu wabwino waulemu, anali ndi buku lake ndi mabotolo a madzi, ankamwetulira nthawi zonse koma mkangano umenewu sakanaulowa, ngakhale kuti makolo ake ndi amene analemba nawo malirewo. Tinamuuza zimenezo, anagwira kumutu.

Gawo la pakati pa Makambako ndi Mlimba, kumene kuli ngalande zoboola mapiri ndi milatho yambiri, tinadutsa usiku, umangomva phokoso lasintha mwadzidzidzi mphepo yatentha nkudziwa kuti talowa m'phiri. Kutacha tinali kuchigwa, ku Ifakara, dera la Kilombero, minda ya mpunga mpaka kumene maso alekezera. Sitima ikangoima amayi amathamangira m'mawindo mabeseni ali pamutu, nthochi, mazira owiritsa, chimanga chootcha, nsomba zokazinga, timatumba ta mpunga, ndalama imatsika pawindo chakudya nkukwera, ndipo sitima ikayamba kuyenda chenji chisanabwere mayiyo amathamanga nayo mpaka akuponyere. Ndinaona ndi maso anga mayi wina chitenje chikumasuka akuthamangitsa kandalama kochepa koti akabweze kwa munthu amene sadzamuonanso. Masana njanji imalowa m'nkhalango ya Selous, imene mbali yake yaikulu anaisandutsa Nyerere National Park mu 2019, anthu onse anaunjikana m'mawindo, tinaona akadyamsonga ataima chapatali, mbawala, anyani, njiri zikuthawa michira ili m'mwamba. Azungu amalipira madola ambiri kuti aone zimenezi, ife tinaonera pa tikiti ya sekondi kalasi tikudya nthochi.

Dar es Salaam ndi kotentha kwa chinyezi, kumene umasamba nkutuluka thukuta uli m'bafa momwemo. Mabasi othamanga otchedwa mwendokasi ali ndi msewu wawowawo pakati, ma bajaji a matayala atatu, maminibasi amene amati daladala, anthu osatha. Aliyense ankandiuza za sitima yawo yatsopano yamagetsi yopita ku Dodoma imene inayamba mu 2024, monyadira kwabasi, ine nkumangoti eya zikomo mwachita bwino, mumtima ndikuganiza za njanji ya kwathu. Ku Kariakoo ndiye usadabwe ukamva kumbuyo kwako wina akuti "iwe tiye tikaone nsapato uko", Chichewa ndi Chitumbuka zili mbwee, amayi akwathu akutsitsa mitengo ndi kakyuleta m'manja osadziwa olo liwu limodzi la Chiswahili koma osaberedwa.

Kudya ndinkadya kwa mama ntilie, amayi ophika m'mphepete mwa msewu, benchi limodzi anthu kuthithikana, wali maharage, umene ndi mpunga wa nyemba, kapena ugali amene ndi nsima yomweyi koma yolimba kwambiri, madzulo chipsi mayai, tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira chimene sindikumvetsa chifukwa chake anyamata a pa chiwaya kwathu sanachitengerebe mokwanira. Pa benchi ngati limenelo funso loyamba ndi lakuti Simba kapena Yanga, matimu awo akuluakulu a mpira, ndipo palibe zoti ndine mlendo sindisapota, usankhe basi. Ndinati Simba poti Peter Banda wathu anaseweramo, theka la benchi linandikumbatira theka linalo linati ndibwerere kwathu. Wina anakumbutsa chigoli chija cha Gabadinho chomenya Morocco pa AFCON, anaimirira nkuchisonyeza ndi mwendo mpaka kutsala pang'ono kugwetsa poto wa nyemba.

Pa benchi lomwelo ndi pamene munthu wina amene anakhala chete nthawi yonseyi anandigwira paphewa ena atabalalika nkunena chapansipansi, "Achimwene, kumudzi nkuti?" Anali wa ku Nkhata Bay, chakumtunda kwa Chintheche, amagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kulondera pa nyumba ina ya anthu olemera. Akwathu otere ku Dar aliko ambiri, m'manyumba, m'minda ya maluwa, m'mageti, ndipo ambiri sakonda kudzionetsera pagulu chifukwa mapepala awo amakhala osalongosoka. Anandifunsa kuti ndabwera kudzafuna ntchito yanji kuti andithandize kufufuza. Nditati ndangobwera kudzaona anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati chabwino, poti mwabwera kudzaona tiyeni mukaone. Tsiku lake lopuma ananditenga pa pantoni, boti lowolotsa anthu kupita ku Kigamboni, anandionetsa msika wa nsomba wa pa Kivukoni m'mawa ngalawa zikungofika, nsomba zina zazikulu kuposa mwana wa sitandade 1 zimene ife a nyanja yopanda mchere sitinazionepo, kenako kukachipinda kake kumene anandiphikira kondowole ndi usipa wochokera kumudzi umene amausunga ngati mankhwala. Tinadya chitseko chili chotseka, wailesi ya pa foni ikulankhula za kwathu. Palibe buku la alendo limene lingakulozere kachipinda kameneko.

Zanzibar ndi maola awiri pa boti yothamanga. Ukafika amakuonanso pasipoti ngakhale kuti ndi dziko limodzi chigwirizanireni Tanganyika ndi Zanzibar mu 1964, eni ake amafuna udziwe kuti walowa kwina. Ku Stone Town ndi kumene ndinagona mu hositelo yeniyeni ya anthu a zikwama, mabedi osanjikiza, chaja chilichonse chili ndi mwini wake, masokosi atayanikidwa pawindo. Mtsikana wa pa risepushoni poyamba anandiyankhula Chiswahili poganiza kuti ndabweretsa katundu, nditatulutsa pasipoti anaseka nkupepesa, tinakhala mabwenzi.

Za mahositelo ndinene zoona zanga. Ndi malo abwino, otchipa, umakumana ndi achinyamata a ku Netherlands, Israel, Japan, Brazil, ena anasiya ntchito ena angomaliza sukulu, ndipo ambiri ndi anthu omasuka amene angakugawire chilichonse. Koma macheza ake ndi amodzimodzi usiku uliwonse, wachokera kuti, ukupita kuti, wayenda mayiko angati, basi yotchipa ndi iti. Amanena kuti abwera kudzakumana ndi anthu koma anthu amene amakumana nawo ndi anzawo a zikwama, eni dziko amene amawadziwa ndi wowaperekeza, woyendetsa boti ndi wogulitsa zibangili. Ambiri atamva kuti ndine wa ku Malawi ankasangalala, ooh anthu abwino kwambiri, nyanja yokongola, nkuyamba kunditchulira maloji a ku Nkhata Bay amene ineyo sindinalowemo chifukwa cha mitengo yake. Sindikuwanyoza, dziko lathu amalikondadi. Koma pali kusiyana pakati pa kukonda malo ndi kudziwa mtengo wa thumba la chimanga kumeneko. Ndipo mabwenzi anga atsikana a m'hositelomo ndinawauza ndithu kuti kabudula wa kugombe asamalowe naye m'tinjira ta m'tauni, anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, amayi avala zofika kumapazi, sakuyankhula kanthu koma akuona. Ena anamva nkugula kanga, chitenje cha kumeneko, ena anati ndi ufulu wawo.

Ine madzulo ndinkathawira pa Jaws Corner, kabwalo kakang'ono pakati pa tinjira tija, pamene azibambo amakhala pa makhonde a simenti kumwa khofi wakuda wowawa m'timakapu ting'onoting'ono ndi kashata wotsekemera wa mtedza. Chakufupi ndi pamenepo ndinapeza madala akusewera bawo. Bawo yeniyeni, mizere inayi, nyumba yake ya makona ija, ndendende ya pansi pa mtengo wa mango ku Mangochi. Ndinaima kumbuyo nkumaonerera, dzanja linandiyabwa, mdala wina anaona mmene maso anga akuwerengera maenje nkusuntha kundipatsa malo. Sitinkamvana chilankhulo koma kwa ola lathunthu panalibe chofunika kumasulira. Iye ankatola nkhomo osayang'ana, zala zikungoyenda zokha, akucheza ndi mnzake za ndale, ine thukuta kamukamu kuwerenga mumtima, ndikati ndamupana iye nkungoyambira mbali ina nkundidya mzere wonse wakutsogolo. Anthu anasonkhana, "Mnyasa! Mnyasa!" ena kundinong'oneza nzeru zabodza dala. Anandikwapula kawiri konse, kachitatu ndinalimbako mpaka anasiya kucheza nkukhala tsonga, ndipo zimenezo zokha zinandikwanira. Khofi wanga analipira ndi iyeyo.

Malo amodzi amene sindinaseke ndi pa tchalitchi cha Anglican cha Christ Church. Anachimanga pamalo pamene panali msika wa akapolo, umene Sultan Barghash anautseka mu 1873, ndipo amene anachimanga ndi a mishoni ya UMCA, omwewo a tchalitchi chachikulu cha pa Likoma. Mkati muli kamtanda kopangidwa ndi mtengo wa ku Chitambo ku Zambia, umene pansi pake anakwirira mtima wa Livingstone. Panja pali dzenje muli zifanizo za anthu omangidwa unyolo m'khosi, ndipo amakulowetsa m'tizipinda tapansi totsika denga moti suungaimirire bwino. Tinali gulu, ine ndi azungu angapo, wotiperekeza akufotokoza mwachizolowezi mawu amene amanena tsiku lililonse, kenako anafunsa aliyense kwawo, nditatchula Malawi anaima kaye nkuti ambiri amene anagulitsidwa pano anachokera kwanuko.

Ndinkazidziwa, tonse tinaphunzira za Jumbe wa ku Nkhotakota, za zombo zake zowolotsa anthu nyanja, za ulendo wapansi wa miyezi kukafika ku Kilwa kenako pa chombo china mpaka kuno, za Mlozi wa ku Karonga amene ananyongedwa mu 1895. Tinaloweza kuti tikhoze mayeso. Koma kuima pamenepo utayenda wekha mtunda wonsewo, pa basi ndi pa sitima uli ndi tiyi ndi chapati ndipo ukudandaulabe msana, nkuganiza kuti wina wa ku Ntchisi kaya ku Dowa anauyenda wapansi goli lili m'khosi, mutu umaima. Anzanga aja anajambula zithunzi mwaulemu ndithu, ena misozi inalengeza. Ine ndinkangoyang'ana nkhope za anthu odutsa mumsewu panjapo, wogulitsa madzi a kokonati, mayi wa pa shopu, mdala wanga wa bawo uja, nkumadzifunsa kuti agogo awo a agogo awo ankatunga madzi mtsinje uti. Usiku umenewo ku Forodhani, kumene amaotcha nyama ndi nsomba m'mphepete mwa nyanja anyamata akudumphira m'madzi, ndinangomwa urojo wanga, supu wa kumeneko, nkukagona msanga.

Pobwerera ndinadzeranso ku Dar chifukwa achimwene a ku Chintheche aja anandipempha kuti ndisapite osawaona. Ndinawapeza atakonza kaphukusi, ndipo asanandipatse anakamasula pamaso panga kuti ndione zonse, poti za pa boda amazidziwa: zitenje ziwiri, kafoni kakang'ono ka mabatani, sopo, nsapato za mwana ndi envulopu ya mashilingi yoti ndikasinthe pa Songwe. "Mukawapatse amayi m'manja, osatuma munthu." Anandijambulira mapu pa kapepala, mutsike pa sitolo yakuti, mufunse mpingo wakuti, nyumba ya malata atsopano mbali imodzi.

Nde ulendo wanga wokaona dziko la eni unathera pa kabaza m'kanjira ka m'minda ya chinangwa, kwathu konkuno koma dera limene ndinali ndisanapondeko. Mayiwo ndinawapeza akusenda chinangwa chovuula, anapukuta manja, ndinagwada nkupereka phukusi, anaitana mdzukulu kuti awerenge ndalama kawiri. Zitenje anangoziyang'ana pang'ono nkuziika pambali.

"Mwamuona ndi maso anu, bambo?"

"Eya mayi, tadya limodzi."

"Wanenepa kapena waonda?"

Ndinati wanenepa, nkutulutsa foni kuwaonetsa chithunzi chimene tinajambulitsa pa pantoni. Anachiyang'anitsitsa nkunena kuti ndikunama, ameneyo waonda, kenako anakuwira mdzukulu uja kuti agwire nkhuku mlendo asapite ndi njala.